Mmene mungaphunzitsire ana kuyerekeza voliyumu ya zinthu zimene amaziona tsiku ndi tsiku

Pali ana ambiri amene mukawalembera pa bolodi kuti bokosi ndi la masentimita 6 mulitali, 4 mulifupi ndi 3 msinkhu, amachulukitsa mwachangu n'kukuuzani kuti 72. Ana omwewo mukawaikira ndowa pakati pa kalasi n'kufunsa kuti ingadzaze ndi malita angati, wina amati 2, wina amati 300, ndipo onse awiri saona chachilendo pa yankho lawo. Zimenezi ndaziona chaka ndi chaka, ndipo zimandiwawa mumtima, chifukwa zikusonyeza kuti mwanayo nambala akuzidziwa koma lita sanaigwirepo ndi manja ake.

Aphunzitsi anzanga, kuyerekeza si kungolota nambala. Munthu woyerekeza amakhala ndi chinthu chimene akuchidziwa kale kukula kwake, ndiye amadzifunsa kuti chimenecho chingalowe kangati mu chachilendochi. Ntchito yathu ndi yoti mwana akhale ndi zinthu zodziwika zoterozo m'maso ndi m'manja. Zochulukitsa zija zibwere pomalizira, mwana atathira, atanyamula, atasanja. Ndondomeko ili m'munsiyi imatenga milungu ingapo. Musaipanikize kuti ithe tsiku limodzi.

Sonkhanitsani izi: mabotolo oonekera mkati a misinkhu yosiyanasiyana, makapu ofanana angapo, tambula yaitali yowonda ndi ina yaifupi yotakata, ndowa, beseni, jagi yokhala ndi mizere ya mamililita, sirinji yopanda singano, masupuni, makatoni, mabokosi a machesi opanda kanthu, marula, selotepi, mchenga wouma, miyala ndi nsanza zopukutira pansi. Madzi adzatayika ndithu, choncho ngati n'kotheka maphunziro oyambirira achitikire panja.

Choyamba: yambani ndi kuthira, nambala zidikire

Mawu oti voliyumu ana ambiri amawadziwira pa wailesi, ndiye muyambe mwawauza kuti m'masamu akutanthauza malo amene chinthu chimatenga. Mwala umatenga malo, madzi amatenga malo, mpweya nawonso. Botolo lili ndi mbali ziwiri pankhaniyi: malo amene ilo lenilenilo limatenga, ndi kuchuluka kwa zimene zingalowe mkati mwake. Kwa ana aang'ono, yambani ndi zolowa mkatizi, chifukwa zimaoneka ndi maso.

Thirani madzi ofanana m'makapu awiri ofanana, ana onse avomereze kuti akufanana. Kenako madzi a kapu imodzi muwakhuthulire mu tambula yaitali yowonda ija, iwo akuona. Funsani kuti muli madzi ambiri ndi muti. Ena adzaloza tambula yaitali. Katswiri wa ku Switzerland wofufuza kaganizidwe ka ana, Jean Piaget, amene anamwalira mu 1980, anaona kuti ana ambiri osakwana zaka 7 amayankha chomwecho, chifukwa diso lawo limakakamira pa msinkhu wa madzi n'kuiwala kutakata kwa chiwiyacho. Mwana wotere musamukalipire, ndipo musamuuze yankho. Mpatseni tambulayo abwezere yekha madzi mu kapu ija, kawiri, katatu, mpaka aone kuti palibe chaonjezeka. Amene sanagwire mfundo imeneyi sangayerekeze chilichonse, pakuti kwa iye madzi amachuluka ndi kuchepa pongosintha chiwiya.

Mukatero ikani ziwiya zisanu pa tebulo, ana azindandalike kuyambira chimene chingalowe madzi ochepa kufika chimene chingalowe ambiri. Sankhani dala ziwiya zopusitsa maso, monga botolo lalitali lowonda ndi kambale kakafupi kotakata. Atsimikize pothira kuchoka mu china kupita mu chinzake.

Chachiwiri: werengani makapu, koma lembani kaye

Tengani kapu imodzi ikhale muyezo wa kalasi lonse. Funso likhale lakuti, "Jagi iyi ingadzaze ndi makapu angati?" Apa pali lamulo limene sindilola kuti liphwanyidwe: aliyense alembe nambala yake m'kope, ndi inki, madzi asanathiridwe. Mwana amene sanalembe amangodikira yankho, kenako n'kunena kuti ndi limene amaganiza. Amene walemba amayang'anitsitsa kapu iliyonse ikamathiridwa, chifukwa akufuna aone ngati nambala yake itheke.

Mukathira makapu awiri kapena atatu, imani. Funsani kuti, "Madzi afika apa. Alipo akufuna kusintha nambala yake?" Ofuna kusintha alembe yachiwiri pambali, yoyamba osaifufuta. Kaphindi kameneka ndi kamene kali ndi phunziro lenileni. Mwana akaona kuti makapu 3 afika pakati pa jagi, amanena yekha kuti onse akhala 6, ndipo wayamba kuganiza ndi umboni. Ena amaona ngati kusintha ndi kubera. Auzeni momveka kuti munthu amene wasintha maganizo ataona umboni wachita bwino.

Tsiku lina bwerezani ndi kapu yaing'ono, jagi ikhale yomweyo. Nambala idzakwera. Afunseni chifukwa chake. Kukambirana kumeneku n'kumene kumawafikitsa pofuna muyezo umodzi umene aliyense angaumve, kulikonse kumene ali.

Chachitatu: lita ilowe m'manja

Pano khalitsanipo, chifukwa zonse zotsatira zatsamira apa.

Lita inakhazikitsidwa ku France mu 1795, ndipo ndi malo a mkati mwa kabokosi kofanana mbali zonse, ka masentimita 10 mulitali, 10 mulifupi ndi 10 msinkhu. Kabokosi kameneka ana akapange okha. Pa katoni jambulani sikweya ya masentimita 30 mbali zonse, muigawe m'masikweya 9 a masentimita 10. Dulani anayi a m'makona, pindani anayi otsala m'mbali kuti aime, n'kumata ndi selotepi. Mwapeza kabokosi kopanda chivundikiro kolowa lita imodzi.

Tsopano imikani botolo la lita imodzi pafupi ndi kabokosiko, n'kufunsa kuti cholowa zambiri n'chiti. Nthawi zonse pamene ndachita zimenezi, manja ambiri amakwezedwera botolo, poti kabokosiko kamaoneka kakang'ono. Dzazani botololo ndi mchenga wouma mpaka pa mzere wa lita, mukhuthulire m'kabokosi. Kamadzaza ndendende, ndipo ana amakhala kaye chete kenako phokoso. Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito madzi, yalani kajumbo ka pulasitiki mkati mwake.

Mwana aliyense anyamule botolo la lita lodzaza madzi, dzanja ili kenako linalo. Lita imodzi ya madzi imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo zimenezi sizinangochitika mwangozi: amene anakonza miyezoyi anatengera kilogalamu pa kulemera kwa lita ya madzi. Mfundoyi imathandiza kwambiri. Mwana akanena kuti ndowa imalowa malita 300, mufunseni ngati angathe kunyamula makilogalamu 300. Amadzikonza yekha. Chenjezo lokha n'lakuti zimenezi n'zoona pa madzi basi. Lita ya mchenga imalemera kuposa pamenepo, lita ya utuchi imapepuka.

Kumbali ya tinthu tating'ono, onetsani mililita imodzi ndi sirinji, mudonthezere pa chikhatho cha mwana aliyense. Ndi madontho pafupifupi 20 basi. Supuni yaing'ono yoyezera mankhwala imalowa mamililita 5, yaikulu 15. Alembe pa pepala lalikulu lomata kukhoma, ndi zithunzi zojambula okha: supuni yaing'ono 5, kapu ya kalasi lathu mamililita akutiakuti monga mwayezera, botolo laling'ono 500, kabokosi kathu 1,000, ndowa yathu malita akutiakuti. Zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi n'zokwanira. Zikachuluka palibe chimene chimakhazikika m'mutu.

Kuyambira apa, mwana akapereka nambala, funso lanu likhale limodzi: "Wayerekeza ndi chiyani?" Yankho labwino limamveka chonchi: "Ndikuona ngati mabotolo a lita anayi angaime pansi pa beseni ili, ndiye pamwamba pangakhale enanso anayi, ndiye ndati malita 8." Kaya yankho lenileni ndi 10, mwana ameneyu ali pa njira yabwino kuposa amene wangotchula 10 osadziwa kumene waitenga.

Chachinayi: nambala yochepetsa ndi nambala yochulutsa

Pali ana amantha amene safuna kutchula nambala poopa kulakwa. Amenewa musawafunse yankho. Afunseni nambala imene akudziwa kuti ndi yochepa kwambiri, ndi ina imene akudziwa kuti yachulukitsa. Pa ndowa, mwana anganene kuti lita imodzi yachepa, malita 100 achuluka. Funsaninso: nanga 3? Nanga 50? Pang'onopang'ono mpata umachepa mpaka mwana atanena kuti ndi pakati pa 8 ndi 15. Lembani malire awiriwo pa mzere wa nambala pa bolodi, ndipo mukayeza muike chizindikiro pamene yankho lagwera.

Chachisanu: kusanja, kenako kuchulukitsa

Tengani katoni yaing'ono ndi mabokosi a machesi. Funso: angalowe angati? Alembe. Kenako muwapatse mabokosi ochepa dala, ongokwanira kuyala pansi pa katoni ndi kusanjikiza mulu umodzi pakona. Akadandaula kuti achepa, auzeni kuti ndi omwewo. Posakhalitsa wina adzanena kuti pansi pagona 12, ndipo zikuoneka kuti nsanjika zingakhale 5, ndiye onse ndi 60. Mwana ameneyo watulukira yekha njira yochulukitsa mulitali, mulifupi ndi msinkhu, ndipo sadzaiiwala, chifukwa akudziwa kuti nambala ziwiri zoyamba zikunena za nsanjika imodzi, yachitatu ikunena kuchuluka kwa nsanjikazo.

Yang'anirani cholakwa ichi: ana ena akaona chithunzi cha mabokosi osanjikizana amawerenga nkhope zooneka zokha, a mkati ndi a kumbuyo osawawerenga. Mankhwala ake ndi kuwapatsa mulu weniweni auphwasule nsanjika imodzi imodzi.

Tsopano bwererani ku kabokosi ka lita. Ngati muli ndi timakyubu ta sentimita imodzi mbali zonse, tiyaleni mumzere umodzi pansi pake: 10. Pansi ponse pangagone 100. Nsanjika ndi 10, ndiye tonse ndi 1,000. Kakyubu kamodzi ndi 1 cm³, ndipo malo ake ndi ofanana ndendende ndi mililita imodzi. Ngati mulibe, umbani tingapo ndi dongo, ana ayeze ndi rula. Ka 3 kakang'ono kali pamwambako kakunena za mbali zitatu zimene tayeza, ndipo ndi bwino kuwauza zimenezi, chifukwa ena amaganiza kuti akuyenera kuchulukitsa ndi 3.

Apa ndiye yerekezani mabokosi enieni pogwiritsa ntchito nambala zosavuta. Bokosi la nsapato la masentimita 31, 19 ndi 11 litengeni ngati la 30, 20 ndi 10. Zikupereka 6,000 cm³, amene ndi malita 6. Mukachulukitsa nambala zenizenizo mupeza 6,479. Kuyerekeza kwa pamtima kwafika pafupi, ndipo mwana amene wasokoneza pochulukitsa n'kupeza 647 kapena 64,790 ali ndi pogwira poti azindikire kuti china chake chalakwika.

Musadutse osachita ichi. Afunseni kuti, bokosi likakula kawiri mbali zonse, zolowamo zichuluka kangati? Pafupifupi onse adzati kawiri. Apatseni timakyubu amange kyubu ya 2 mbali zonse. Imadya timakyubu 8. Ya 3 mbali zonse imadya 27. Ichi n'chifukwa chake ana, ngakhalenso akuluakulu, amachepetsa akamayerekeza zinthu zazikulu: diso limaona kutalika kwakula pang'ono, pamene malo a mkati akula mbali zitatu nthawi imodzi.

Chachisanu ndi chimodzi: zinthu zosakhala bokosi

Zinthu zambiri zimene mwana amakumana nazo n'zobulungira, zopindika kapena zosongoka. Ana a pulayimale safunika njira zovuta zowerengera zimenezi. Aphunzitseni kuganizira bokosi limene chinthucho chingakwane mothina, kenako achotsereko malo a m'makona amene atsala opanda kanthu.

Chitini choima chimatenga pang'ono kuposa magawo atatu mwa anayi a bokosi lake. Chitini cha masentimita 10 pakamwa ndi 12 msinkhu chingakwane m'bokosi la 1,200 cm³, ndipo magawo atatu mwa anayi a nambala imeneyi ndi 900. Yankho lenileni ndi pafupifupi 942. Mpira umatenga pang'ono kuposa theka la bokosi lake. Mpira wamiyendo wa akuluakulu ndi wa masentimita pafupifupi 22 kudutsa pakati, bokosi lake ndi 10,648 cm³, ndiye mpirawo ndi wa malita 5 ndi theka kapena cha pompo. Onani kuti mukanatenga 22 ngati 20, bokosi likanakhala 8,000 basi. Masentimita awiri okha achotsa malita oposa awiri ndi theka. Ana okulirapo awonetseni zimenezi kuti adziwe kuti nambala siifupikitsidwa mwachisawawa.

Ntchito imene ndimaikonda kwambiri pa gawo lino imafuna mapepala awiri a A4 basi. Pepala la A4 ndi la masentimita 21 mulifupi ndi 29.7 mulitali. Limodzi lipindeni likhale paipi yaitali yowonda, linalo paipi yaifupi yonenepa, m'mphepete mungogundanitsa n'kumata. Funsani kuti yolowa zambiri ndi iti. Ambiri adzati n'zofanana poti pepala ndi limodzimodzi, ena adzasankha yaitali. Imikani yowondayo mkati mwa yonenepayo pa thireyi, muidzaze ndi mchenga wouma kapena utuchi, kenako muizule pang'onopang'ono. Zimene zinali mu yaitali sizidzaza yaifupi. Yaitali imalowa lita imodzi ndi kadontho, yaifupi pafupifupi lita ndi theka. Asiyeni atsutsane kaye za chifukwa chake musanalowererepo.

Ndowa yotakata kukamwa n'kuwonda pansi, ayeze kutakata kwake chapakati. Botolo lokhala ndi khosi, aligawe pawiri m'maganizo, thupi ndi khosi.

Chachisanu ndi chiwiri: mwala m'madzi

Mwala sungathiridwe madzi mkati, ndipo rula siigwira bwino pa mabampu ake. Apa ndi pamene ana amakonda nkhani ya Archimedes, katswiri wa masamu wa mumzinda wa Syracuse pa chilumba cha Sicily, amene anamwalira mu 212 BC. Nkhaniyi, monga anailembera wolemba wa Chiroma Vitruvius patadutsa zaka pafupifupi 200, imati mfumu Hiero inkakayikira ngati chisoti chake chinali cha golide yekhayekha, ndipo Archimedes anapeza njira ataona madzi akusefukira pamene ankalowa m'bafa. Mfundo yake ndi yakuti chinthu chikamira, chimakankha madzi ofanana ndi malo amene icho chatenga.

Dulani nokha botolo loonekera la m'mbali mowongoka, muzithira mamililita 50 nthawi iliyonse n'kulemba mzere pa selotepi yomata kunja. Thirani madzi mpaka pa 300. Ana agwire mwala, auyerekeze ndi kabokosi ka lita ndi bokosi la machesi, alembe nambala. Mwalawo aulowetse mosamala, osauponya. Madzi akafika pa 450, mwalawo ndi wa 150 cm³. Powerenga, diso likhale pa msinkhu wa madzi, ndipo mwala umire wonse. Chiwiya chowonda chimaonetsa kusintha bwino kuposa chotakata.

Ana ambiri amakhulupirira kuti chinthu cholemera ndi chimene chimakweza madzi kwambiri. Piaget anaona kuti mfundo yolondola, yakuti madzi amakwera molingana ndi malo amene chinthu chatenga, imachedwa kukhazikika, mwina mpaka zaka 11 kapena 12, ndiye musadabwe. Tengani timabotolo tiwiri tofanana totseka bwino, kena mudzaze mchenga, kena muike wochepa. Kopepukako mukakankhire pansi ndi kawaya kowonda mpaka kamire. Madzi amakwera mofanana.

Chachisanu ndi chitatu: zazikulu zoti sitingathire

Mangani kyubu ya mita imodzi mbali zonse ndi ndodo 12 za mita imodzi, zomanga ndi chingwe m'makona. Ikani kabokosi ka lita pakona yake, n'kufunsa kuti tingalowe tingati. Yankho limene mudzamve kwambiri ndi 100. Awerengetseni monga anachitira ndi timakyubu: 10 mumzere, 100 pansi, nsanjika 10, tonse 1,000. Madzi odzaza mmenemo angalemere makilogalamu 1,000. Ana angapo alowe mkati mwake akhale pansi, thupi lawo limve kukula kwa 1 m³.

Kenako chipinda chophunziriramo. Ayerekeze kaye ndi maso, kenako ayeze ndi mapazi aatali oyandikira mita, msinkhu autengere pa chitseko, chimene nthawi zambiri chimakhala cha mamita awiri. Chipinda cha mamita 8, 7 ndi 3 ndi cha 168 m³, amene ndi malita 168,000 a mpweya. Kuchokera apa atha kupita ku thanki la madzi, kabati, ngakhale kumbuyo kwa lole.

Kachongedwe kake

Ntchito ya kuyerekeza musaichonge ngati samu ya yankho limodzi, ndipo musapereke mphoto kwa amene wagunda nambala yeniyeni, chifukwa mukatero ana amabwerera kukulota. M'kope mukhale mizati inayi: chinthu, nambala yanga, ndayerekeza ndi chiyani, zimene tapeza poyeza. Malikisi ambiri apite ku mzati wachitatu. Poyamba, mwana amene nambala yake ili pakati pa theka ndi kawiri ka yankho lenileni ali bwino. Milungu ikamapita, mpatawo muziuchepetsa.

Onaninso ngati akusankha muyezo woyenera. Lembani pa bolodi ziganizo monga "Supuni imalowa 5 ...", "Ndowa imalowa 10 ...", "Chipinda chino ndi 168 ...", iwo amalize ndi mamililita, malita kapena m³. Amene walemba kuti supuni imalowa malita 5 musamulembere mtanda n'kumusiya. Mpatseni supuni ndi botolo la lita, ayese kuthira.

Mutu ukatha, sungani chizolowezi cha mphindi zisanu kamodzi kapena kawiri pa mlungu. Ikani chinthu chimodzi pa tebulo m'mawa, pambali pake kabokosi ka lita, aliyense alembe nambala yake ndi chimene wayerekeza nacho, muyeze musanaweruke. Pakatha milungu ingapo kabokosiko mukabise, ndipo ana azisinthana kubweretsa chinthu cha tsikulo.